Mlendo m'Bwato la a Tripo

Kwathu ku Perast ukatchula dzina la a Tripo, munthu amayamba waseka kenako n'kupukusa mutu. Mkulu ameneyu wapalasa bwato zaka makumi asanu, kuolotsa alendo a patchuthi kuchokera pagombe kukawasiya pa kachilumba kathu ka tchalitchi, ndipo pa zaka zonsezo injini sinakhudzepo bwato lawo. Iwo amati injini ndi ya alesi ndi anthu a ku Kotor, tauni yoyandikana nafe. Ali anyamata anagwirako ntchito m'sitima zapamadzi zaka zisanu ndi chimodzi, n'kubwerako akunena kuti dziko lonse aliona ndipo palibe chachilendo. Anakwatira mayi Ozana, mkazi yekhayo pa gombe lonseli amene amatha kuwatseka pakamwa. Alendo akawakomera m'maso amawafotokozera nyumba iliyonse ya akaputeni akale a zombo, yemwe anaimanga ndi momwe anafera. Akapanda kuwakomera amangoloza ndi chibwano n'kuti, "Tchalitchi ndi icho."

Kachilumba kameneka n'komanga makolo athu. Panali kathanthwe chabe, iwo n'kumamizapo zombo zakutha ndi miyala mpaka panakwana tchalitchi. Ndiye chaka chilichonse pa 22 Julaye, dzuwa likapendeka, amuna a pano amadzaza miyala m'mabwato, kuzika nthambi zamasamba m'mbali, kumangirira mabwato onse pa chingwe chimodzi, wansembe patsogolo, n'kupita akuimba kukaponya miyalayo mozungulira chilumba kuti nyanja isachidye. Amayi ndi alendo amaonerera ali kumtunda. Lamulo limeneli silinalembedwe paliponse, koma a Tripo analisenza pamutu ngati anachita kuwasiyira agogo awo pomwalira. Wina akangoyerekeza kulowetsa mlendo m'bwato, mawu oyamba kumveka anali awo.

A Imre anafika m'chaka cha 1978, nthawi ija mafakitale ankatumiza antchito awo kunyanja sabata ziwiri kuti akapume. Anali wowotcherera mapaipi pa fakitale ya shuga kumpoto, kuchigwa cha kumalire a Hungary. Anatsika basi ndi akazi awo a Etelka, kamwana kawo Aranka, chikwama cha masoseji a tsabola ndi mavwende awiri, poti anamva kuti kunyanja anthu amadya nsomba zokhazokha. Mayi Ozana anawapatsa chipinda chapamwamba, chija chili ndi zenera loyang'ana kuchilumba. Tsiku loyamba lomwelo a Imre anapsa ndi dzuwa mpaka kufiira psuu, koma pagombe sanachokepo.

"Kodi kwanu kulibe madzi?" anafunsa a Tripo, ataona munthu wamkulu akulawa nyanja ndi chala.

"Nyanja kulibe, achimwene. Phiri kulibe. Ngakhale mwala kulibe."

"Mwala kulibe? Nanga galu akakuthamangitsa umamugenda ndi chiyani?"

"Chitsononkho."

A Tripo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Koma chiseko chinatha tsiku lachitatu. A Imre atamva kuti kukufunika miyala ya mwambo, analawirira kukwera masitepe a kumtunda kwa tauni, kumabwinja a nyumba ya kaputeni wina pansi pa linga. Anatsikako ali wefuwefu, atakumbatira chimwala chosemedwa bwino, chokhala ndi theka la nkhope ya mkango.

"Ndasankha wokongola," anatero akumwetulira, "poti ndi wopita kutchalitchi."

"Mayo ine! Munthu iwe!" anakuwa a Tripo, manja ali kunkhongo. "Mwala umenewu wakhala pakhomo paja zaka mazana atatu. Nkhondo zinaulephera, mphepo inaulephera, iwe wauzula tsiku lachitatu la tchuthi? Bwerera nawo msanga anthu asanadzuke!"

Anakwera nawonso, a Imre patsogolo ndi mkango wawo, a Tripo pambuyo akulalata sitepe iliyonse. Atauika pamalo pake, onse awiri anangoti khuthu pansi. A Imre anapisa m'thumba, kutulutsa soseji ndi kampeni, kudula pakati n'kupereka theka kwa a Tripo. A Tripo analuma, tsabola n'kuwatulutsa misozi, ndipo anatukwana dziko lonse la kuchigwa, koma anapempha ina. Potsika anadzera nawo kukhwawa louma kukawaonetsa miyala yoyenera. "Nyanja sifuna mwala wokongola," anawauza. "Tola wonyansa, wamakonamakona, woti ukagwa pansi ugwirane ndi anzake."

Kuyambira pamenepo, Julaye akakwana chipinda chapamwamba sichinkapatsidwa munthu wina. Chaka chotsatira chivomezi chinang'amba nyumba zambiri pa gombe lino, alendo anaopa kubwera, koma a Imre anabwerabe, ndi zipangizo zawo zowotcherera m'chikwama. Tchuthi chonse anathera pa khoma la a Tripo, kutuntha miyala ndi kulumikiza zitsulo za pakhonde. Mpaka lero ukagwira chitsulo chimenecho umaona pomwe anawotcherera.

Munthu wa kuchigwayu anali ndi kabuku kofotokoza malo akale, kokutha m'makona, ndipo sankalola mnzake kupuma. Ndi iyeyo amene anakokera a Tripo pa malinga a ku Kotor, masitepe opitirira chikwi, dzuwa lili pamutu. A Tripo anabadwira pompano, ulendo wa kamphindi pa basi kukafika ku Kotor, koma anali asanakwereko. "Ndikakwere kukaona chiyani? Nyanja ndimaiona pafupi tsiku lililonse," anadandaula njira yonse. Atafika pamwamba n'kuona madzi atapindika pakati pa mapiri, madenga ofiira ali mbwee pansi, mkulu uja anangoyang'anitsitsa osafuna kuchokapo, ndipo a Imre anachita kuwakoka kuti atsike. Chaka china anapita ku Risan kukaona bwinja la nyumba ya Aroma akalekale, pomwe anayala timiyala n'kupanga chithunzi cha mnyamata ali mtulo. Zonse zomwe a Imre ankawerenga mokweza m'kabuku kaja, a Tripo ankati ndi bodza la anthu ophunzira. Koma mawa lake unkawamva m'bwato akuuza alendo zomwezo, atayamba ndi mawu akuti, "Agogo anga ankanena kuti..."

Anali masiku okoma, abale. Madzulo ankakoka tebulo panja pansi pa mpesa, nsomba zootcha mbali iyi, masoseji mbali iyo, vinyo wakuda pakati. A Etelka ndi mayi Ozana ankasenda tomato akuseka amuna awo. Aranka anaphunzirira kusambira pamasitepe a gombe lathu, atamangidwa chingwe m'chiuno, a Tripo atagwira mbali inayo. Alendo a nthawi imeneyo ankakhala mpaka kudziwa dzina la mphaka wa pakhomo.

Pa tsiku la mwambo ntchito ya a Imre inali yodziwika. M'mawa ankatuta miyala kukhwawa, kuilongedza m'bwato la a Tripo, kumanga nthambi, kenako kusamba m'manja n'kukaima kumtunda pambali pa mayi Ozana. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi zitatu osapemphako kukwera nawo. Chaka chachisanu ndi chinayi, atamaliza kulongedza, anaima m'madzi olekeza m'mawondo atagwira m'mphepete mwa bwato.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "chaka chino chokha. Ndingokhala phee kumapetoku. Sindiimba, sindiyankhula."

Amuna ena anali pomwepo, makutu ali tcheru. A Tripo anawaona, ndipo pakamwa panathamanga kuposa mtima.

"Iwe, agogo ako anaikidwa manda ati? Mlendo ndi mame. Kaime uko ndi amayi."

Anthu anaseka. A Imre nawonso anaseka, koma makutu awo anafiira. Anatuluka m'madzi, kutsitsa miyendo ya buluku, n'kukaima pamalo pawo. Pa tebulo tsiku limenelo mayi Ozana anaika mbale patsogolo pa amuna awo mwamphamvu mpaka msuzi kutayika. "Miyala yake mumalandira," anatero, "koma manja amene anyamula miyalayo ayi?" A Tripo anaweramira pa mbale yawo n'kuyamba kudya. Chaka chotsatira, ngati ofuna kuonetsa kuti sakondera, anatsitsa m'bwato mkamwini wa a Bepo, mnansi wawo, mnyamata wa kumapiri amene anali atangokwatira kumene pano. Anamutsitsa pamaso pa tauni yonse, atavala kale malaya oyera. A Imre sanadzapemphenso. Miyala ndiye ankatutabe chaka ndi chaka.

Kenaka kunabwera nkhondo ija inaphwasula dziko lathu lakale. Fakitale inaleka kutumiza anthu kunyanja, kenako inatsekedwa. Julaye wa 1991 mayi Ozana anayala nsalu zoyera m'chipinda chapamwamba, koma basi inadutsa osatsitsa munthu. Nkhondo itatha, a Etelka anayamba kudwala, ndipo anadwala zaka zambiri. Makalata okha ndiwo ankayenda. Mayi Ozana ankalemba masamba awiri, a Tripo n'kuwonjezera pansi mawu awiri okha, omwewo chaka chilichonse: "Nyanja ikadalipo." Kalata yonena za maliro a a Etelka itafika, a Tripo anatenga bwato n'kukakhala pakati pa madzi tsiku lonse, opanda mbedza. Kuchigwako sanapiteko. Ankati dziko lopanda phiri sangadziwe koyang'ana, koma zoona zake n'zakuti ankangozengereza.

Gombe nalo linasintha. Kunabwera zisitima zazikulu kuposa tauni yathu, alendo otsika ola limodzi, kujambula nsanja ya belu ndi foni n'kuthawa. Mabwato a injini anadzaza, ndipo ngakhale pa tsiku la mwambo amatsatira mzere pambali, atanyamula alendo oti aliyense wapatsidwa kamwala kokwana m'manja. A Tripo ankalavula malovu akawaona. Mzere wa chingwe wokha ndiwo unatsala wa ana a pano, ndipo bwato la banja lawo linali lisanaphonyepo mzere umenewo chiyambire nthawi ya agogo awo.

Chaka chathachi, patatsala masiku awiri kuti mwambo uchitike, pakhomo panaima kagalimoto kafumbi. Woyendetsa anali mayi wa imvi zoyamba, Aranka yemwe uja. Anatsegula chitseko chinacho n'kuthandiza kutsika bambo ake, kankhalamba kogwira ndodo, lamba ataboolanso mabowo atsopano. A Tripo anawayang'ana n'kufuula.

"Iwe wa zitsononkho! Wakalamba chonchi ndani anakuloleza?"

"Nanga iwe? Wangouma ngati nsomba ya padenga."

Anakumbatirana pakati pa msewu mpaka galimoto zinayamba kuliza mahutala. Koma m'manja mwa a Tripo munangomveka mafupa okhaokha. Kukhitchini Aranka anauza mayi Ozana zoona: madokotala anali atanena kuti bambo ake Khirisimasi saiona, ndipo atafunsidwa chomwe akufuna anangoti awaperekeze ku Perast mwezi wa Julaye.

Mawa lake mayi Ozana anapeza amuna awo pagombe akupala utoto wa bwato womwe sunkafunika kupalidwa.

"Bambo, mawa mumutenge."

"Ndimutengere kuti?"

"Musandiyese mwana. Munthuyu akupita. Chaka chamawa kulibe."

"Mayi, mukufuna Bepo andidye wamoyo? Ine ndemwe ndinatsitsa mkamwini wake. Ine ndemwe ndakhala ndikukuwa zaka zonsezi. Lero ndikaonekere ndi mlendo m'bwato, nkhope ndikaiike pati?"

"Nkhope yanuyo ndaiona zaka makumi asanu, si yoti n'kuisungira kanthu," anatero mayi Ozana, n'kubwerera kunyumba.

A Tripo anapsa mtima, koma chinawapweteka kwambiri ndi chomwe anamva masana, akudutsa pansi pa zenera la chipinda chapamwamba. Aranka ankauza bambo ake kuti wawapezera malo m'bwato la injini, mpando wabwino wa mthunzi, ndipo kamwala akawapatsa komweko.

"Kabweze, mwana wanga," anayankha a Imre. "Kukanakhala kungoponya mwala m'madzi, bwenzi nditaponya kalekale ndili pamtunda pompano. Woti andiitane ndi mmodzi. Akapanda kutero, ndikaima pamalo panga. Ndinapazolowera."

Tsiku lija linafika. Miyala a Tripo anatuta okha, pang'onopang'ono, msana ukulira. Dzuwa litapendeka gombe linadzaza, mabelu akulira, amuna atavala malaya oyera akupatsirana chingwe bwato ndi bwato. Kutsogolo kwa a Tripo kunali bwato la a Bepo, monga mwa chaka chilichonse. Kumtunda, pambali pa mayi Ozana, a Imre anali ataima atatsamira ndodo, atavala chipewa chawo chaudzu. Anawapatsa mpando koma anakana.

A Tripo anakhala pa thabwa, nkhafi zili m'manja. Anayang'ana miyala, anayang'ana a Bepo, kenako anaimirira.

"Iwe wa kuchigwa!" anakuwa. "Ukungoyang'ana, sukuona kuti bwatoli lapendekeka? Tabwera undikhalire mbali iyi!"

 A Imre anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, kuyesa akuitana wina. Mayi Ozana anawalanda ndodo, kuwagwira mkono, ndipo iwo ndi Aranka anawatsitsa masitepe mpaka m'bwato.

"Ee, ee, ee!" anatero a Bepo, chingwe chili m'manja. "Maso angawa akundinamiza? A Tripo, lamulo lija lamira liti? Mkamwini wanga ali ndi zidzukulu pano, koma mpaka lero tsiku lino amatsekera m'nyumba chifukwa cha inu."

"Bepo, mkamwini wako ndinamulakwira. Uyunso ndinamulakwira. Ndanena pamaso pa anthu, wamva. Tsopano ponya chingwe."

 "Mlandu suola, a Tripo," anatero a Bepo. Anazunguza chingwe n'kuchiponya modumphitsa, chinakagwera m'bwato la kumbuyo. Nyimbo inayamba, mzere unasuntha, ndipo bwato la banja la a Tripo linatsala lokha pagombe, koyamba chiyambire.

"Nditsike, achimwene," anatero a Imre. "Musachoke pamzere chifukwa cha ine. Thamangani muwapeze."

"Khala pansi, ukugwedeza bwato."

Ukakhala pa chingwe kupalasa n'kopepuka, poti anyamata a kutsogolo amakoka. Wekha, ndi bwato lodzaza miyala, ndi mikono ya zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu, ndi nkhani ina. A Tripo anapalasa, kupuma, kupalasanso, thukuta lili kamukamu. Nyimbo inkamveka patali, kenako inaleka. Asanafike n'komwe, mabwato anayamba kubwerera, opepuka, akuwadutsa mbali zonse. Ena anayang'ana kumbali, ena anaseka, wansembe anangokweza dzanja. Pamene ankafika pachilumba panalibe munthu, kupatula mbalame zoyera pa khoma la tchalitchi.

"Tafika. Sankha wako," anatero a Tripo, akupumira m'mwamba.

A Imre anasankha mwala woipa kuposa yonse. Anaugwira ndi manja awiri, kuukweza mpaka pa mawondo, n'kulephera. Anayesanso, unakana. A Tripo anasiya nkhafi, kulowetsa dzanja limodzi pansi pake n'kuukankhira pa mphepete mwa bwato, kenako anachotsa dzanja lawo. A Imre anaukankha okha. Unangoti chubwi, madzi n'kuwathovukira kumaso onse awiri.

"Basi?" anafunsa a Imre, akusuzumira m'madzi. "Ndi zomwezi?"

"Ndi zomwezi."

"Zaka makumi anayi, achimwene!"

Anaseka mpaka a Imre anayamba kutsokomola, ndipo misozi yomwe inatuluka sinali ya chiseko chokha. Miyala yotsalayo anaponya mothandizana, umodziumodzi, osafulumira. Itatha, a Imre anapukuta manja pa buluku n'kutembenuka kuyang'ana kumtunda. Tauni yonse inali apo, nsanja ya belu, nyumba za akaputeni, ndi pagombe timadontho ta anthu. Anakwinya maso mpaka anapeza awiri amene anali asanachoke, mayi Ozana ndi Aranka.

"Kani tinkachepa chonchi," anatero a Imre. "Ine ndinkakubayibitsa ndi chipewa chaka chilichonse mpaka mkono kuwawa. Ndinkadziuza kuti uli kutali, sungandione."

A Tripo anagwira nkhafi koma sanapalase. 

"Wopalasa amapereka msana komwe akupita, mbale wanga," anatero. "Nkhope imayang'ana kumtunda. Ndinkakuona kuyambira pagombe mpaka pano, chaka chilichonse."